Chikho Chochokera M'manja mwa Atate Ako

Enelesi mwana wanga,

Ndakulembera kalata ngakhale tikugona nyumba imodzi, chifukwa pakamwa ndalephera nawe. Ndikangoti "atate ako," iwe wanyamula kale mtsuko kuthamangira kuchitsime, chonsecho mitsuko yonse ili tho ndi madzi. Ndiye pepalali ndalikulunga m'kansalu n'kulisomeka pansi pa dengu lako la ufa. Udzalipeza utafika ku Ntchisi, kumene njira ya kuchitsime sunaidziwebe. Malemba anga ndi okhotakhota, ukudziwa kuti ndidaphunzira ndili kale ntchembere, nditakhala pakati pa tiana ta mamina. Usaseke, ingowerenga mpaka kumapeto.

Mawa unyamuka ndi amuna ako a Dayisoni. Kwathu kuno mwamuna ndiye amabwera kudzamanga kwa mkazi, ndipo ine ndidali nditawasankhira kale malo kuseri kwa nkhokwe yanga. Koma mphunzitsi ndi mbuzi ya a mishoni, amapita kumene chingwe chamukokera. Masukulu ali mbwee m'mapiri muno, kuchokera pa Bowe pano mpaka kutsidya kwa Mtengowanthenga, koma chingwe chakokera kumudzi uja wa patsinde pa phiri la Ntchisi, kumene tonse timakadyera Mgonero, kumenenso atate ako ndi mkulu wa mpingo. Nditamva ndidaseka ndekha kumunda, kuseka kopanda chimwemwe.

Za kusamala mwamuna, za madzi osamba ndi za kumphasa, alangizi akuuza kale, ine sindibwerezanso. Nkhani yanga ndi imodzi yokha, ndiyo chikho cha pa Mgonero. Mgonero wapitawu udati mutu ukukupweteka, n'kutsala panja patsinde pa mkuyu. Mutu umenewo ndimaudziwa, mwana wanga, udayamba kupweteka ine iwe usanamere mawere. Pobwerera m'njira udandifunsa kuti, "Amayi, mumatha bwanji kumwera chikho chimene chagwidwa ndi munthu uja? Ine bola kufa ndi ludzu." Sindidakuyankhe chifukwa padali anthu. Tsono mkuyu uja sudzakubisanso. Mkazi wa mphunzitsi amakhala mzere wakutsogolo, kumapeto kwenikweni, ndipo mkulu wa mpingo amapereka chikho kwa wakumapetoyo kuti chiziyenda dzanja ndi dzanja mpaka mzere uthe. Chidzachokera m'manja mwa atate ako kulowa m'manja mwako, popanda wina pakati. Ukadzachikana, si iwo amene adzafe ndi ludzulo.

Ndiyambe ndi ine, ungaganize kuti mayi ako adagwa kumwamba ali woyera. Atate ako adafika pa Bowe akugulitsa makasu. Adali wosula, ndipo manja awo ankapinda chitsulo ngati akupinda bango. Ndidadziwa kuti ku Ntchisi adasiya mkazi, a Nachisale, sadandibisire ayi. Masiku amenewo mitala siidali yochititsa manyazi, mwezi uno kuno, mwezi wamawa uko. Koma miyezi ya kuno idayamba kutalika, ya uko n'kumafupika, ine n'kutukumuka. A Nachisale adali ndi mwendo umodzi wotsimphina, ndiye pamtondo ndinkapeka nyimbo za mwendowo, za ndiwo zawo zopanda mchere, za mphasa yawo yozizira. Anzanga ankavomera, nyimbozo n'kumayenda m'midzi pamaukwati ndi pamowa. Amalume adandiitanira kuseri n'kuti, "Nambewe, chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe." Ndidawayankha kuti za mawa adziwa ndi mawa lomwelo. Kumene ukupitako udzapeza akazi osabereka, akazi osiyidwa, ena amuna awo adapita ku Halale osabweranso. Usadzapekere mnzako nyimbo, Enelesi, ngakhale ikubwera yokha pakhosi.

Mawa lija lidafika litavala malaya oyera. Mawu a Mulungu atakwera mapiri ano, atate ako adalowa kalasi ku Ntchisi. Itakwana nthawi ya ubatizo adauzidwa kuti Mkhristu amakhala ndi mkazi mmodzi, ndipo mkaziyo ndi woyamba. Adabwera masana dzuwa lili paliwombo, osalowa m'nyumba imene adamanga okha. Adakhala pakhonde ngati mlendo wodzapempha madzi. Iwe udali kumsana, mlongo wako Lekani akusewera ndi zitsononkho pabwalo.

"Nambewe, ndapeza chisomo," adatero.

"Mwachipeza kuti? Tulutsani tichione, kapena n'chodyedwa."

"Usachite chipongwe. Mulungu wandikhululukira zonse kwaulere, popanda mbuzi, popanda nkhuku. Koma akuti ndisiye tchimo langa."

"Tchimo lanulo ndi liti?"

Adangoyang'ana ine, n'kuyang'ana Lekani, n'kuyang'ana pansi. Apo m'pamene ndidadziwa kuti tchimolo lili ndi dzina, ndiponso lili ndi ana awiri. Adatsamiritsa makasu awiri atsopano pakhomo n'kumapita. Ndinene zoona, makasuwo adali abwino, ndiwo adakulerani inu.

Mawu oti chisomo ndidayamba kuwamva tsiku limenelo, m'kamwa mmenemo, ndipo ndidadana nawo zaka zambiri. Ndinkati chisomo ndi chinthu chimene mwamuna amalandira kwaulere, mkazi n'kulipira. Mpaka lero mkwiyo wa tsikulo sunandithere. Palibe ndi mmodzi yemwe, Mzungu kaya mlaliki, amene adakwera chitunda chino kudzaona kuti tchimo losiyidwalo lidya chiyani, denga likadontha afolera ndani. Ndinkagalauza ndekha iwe uli kumsana, ndinkakwera ndekha padenga amuna a eni ake akundionerera. Nditaphunzira kuwerenga ndidapeza kuti makolo ena a m'Mawu a Mulungu adali ndi akazi ochuluka kuposa atate ako, ndipo Mulungu ankayankhula nawo bwinobwino. Nditafunsa mlaliki, adati mafunso otere amabwera ndi Satana. Udzawauze amuna ako kuti munthu wamitala akadzabwera kudzalowa kalasi, iwo adzayambe apita kukaona nyumba inayo. Koma pamene ndidalakwa ine m'pakuti ndidasakaniza mphatso ndi woinyamula. Mchere suleka kukolera chifukwa wougulitsa ndi wamantha. Ine ndidataya mchere ndi wogulitsa yemwe, n'kumadya zosakolera zaka zonse zija.

Kalasi ndidalowa mwa liuma. Usamvere anthu amene amati mayi ako adaitanidwa ndi Mzimu, ndidalowa kuti atate ako amve. Ndinkafuna mbiri ikafike ku Ntchisi yoti tchimo lija likuyankha mafunso a katekisimu kuposa mkazi wa ukwati woyera. Pomanga kasukulu ka pano ndine ndinkatunga madzi opondera dothi, ndine ndinkamweta udzu, anzanga akamadzuka ine ndabwerako kale kudambo. Mayi wina wamasiye wa kumunsi uku ankafulula mowa mobisa kuti ana ake apeze chovala, ndine ndidakamuneneza kwa akulu a mpingo, ndipo adamuimitsa Mgonero. Ndidabwerako ndikuyenda monyang'wa. Mumtima ndinkati Mulungu ndi kapitawo, akuona zonsezi, tsiku la malipiro lidzafika. Nanga malipirowo adali chiyani? Lamulo lomwe lija limati mkazi woyamba akamwalira, mwamuna ndi womasuka kukwatira. Mawu amenewo sindidawatchulepo m'pemphero, koma Mulungu amamva ndi zokhala kunsi kwa lilime zomwe. Ndidasenza mtedza wanga mpaka kusitolo ya Mmwenye ku boma la Dowa, n'kubwerako ndi nsalu yobiriwira ya maluwa ofiira. Ndidabatizidwa nsaluyo ili pansi pa mtanga, ikudikira.

Chaka cha chimfine chachikulu, nkhondo ya Azungu itangotha, udabwera uthenga woti a Nachisale ali gone, phala lomwe silikutsika. Ndidatulutsa nsalu ija, n'kuichapa, n'kuiyanika patchire masana anthu akuona. A Nachisale adadzuka. Amene adagona osadzukanso ndi Lekani. Mnyamata woti adali atayamba kulima mzere wake yekha ndi khasu la atate ake adangoti, "Amayi, chifuwa," posakhalitsa tidali kumanda. M'mudzi monse nsalu zidali zitatha ndi maliro, ndiye tidamukulunga m'nsalu yomwe ija. Iwe ukuikumbukira, udafunsa kuti nsalu yokongola chotere ikupitiranji kudothi. Sunkadziwa kuti ndidaigulira chiyani.

Bala lako lili pamaliro pomwepo, ndikudziwa. Atate ako adabwera, adapemphera pemphero lalitali pamanda mpaka anthu miyendo kuwawa, ndipo dzuwa lisanalowe adanyamula ndodo. Ankaopa kuti akagona m'mudzi mwa mkazi amene adamusiya, akulu a mpingo adzawaimba mlandu. Munthu wosagona pamaliro a mwana wobereka yekha! Iwe udawathamangira mpaka pakamtsinje, n'kuwagwira jekete uku ukuti, "Atate, gonani. Atate, gonani lero lokha." Adachotsa zala zako chimodzichimodzi n'kuwoloka. Ndidaona zonse ndili pachulu. Sindikuwaikira kumbuyo, ndipo wina akadzakuuza kuti adachita bwino, udzamuuze adzafunse ine. Koma kodi ukukumbukira amene adatsala? A Nachisale adabwera nawo limodzi, ataonda mafupa okhaokha, ndodo kumanja, ufa pamutu. Amuna awo atanyamuka, iwo adayala mphasa pafupi ndi ine m'siwa, osachoka mpaka tsiku losesa. Ndikamalira ankandigwira phewa. Bola akadandilalatira, ndikadapeza powayankhira.

Maliro atatha, maganizo anga adangotembenuka. Poyamba ndinkati Mulungu andilipira, tsopano ndidati wandilipiritsa, wanditengera mwana chifukwa cha nsalu yoyanika ija. Kulakwa kwake n'kumodzi komweko, mwana wanga. Konseko ndinkamuyesa Mulungu msilikali wa boma, woti ukamusangalatsa akudutsa, ukamuputa akuotchera nyumba. Chaka chimenecho ana adafa m'nyumba za olungama ndi za oipa, mlaliki yemwe adaika ake. Ukadzaona zabwino usadzati wagula ndi ntchito zako, ndipo ukadzaika mwana, Mulungu aletse, usadzati n'chindapusa. Ine zonse ziwirizo ndidazikhulupirira, zidandidya mnofu mpaka zibangili zinkavuka zokha m'manja.

Sipadapite nthawi, atate ako adasankhidwa kukhala mkulu wa mpingo. Munthu wosagona pamaliro a mwana wake ndiye adapezeka woyenera. Mgonero wotsatira tidayenda ulendo wonse uja wa ku Ntchisi, mbusa n'kunyema mkate, kenako ndidangoona atate ako atulukira kutsogolo, jekete yomwe ija, chikho chili m'manja. Ndidadzuka n'kulumpha miyendo ya anthu mpaka kukakhala pamkuyu. Kuyambira pamenepo Mgonero uliwonse ndinkadwala, ulendo uno mutu, ulendo wina dzino, ulendo wina msana. Njira ndinkayenda ndithu poopa kufunsidwa, koma pakhomo la tchalitchi ndinkabwerera. Ndinkaganiza kuti ndikuwalanga. Iwo ankangonenepa, mawu awo a pemphero n'kumakulirakulira. Amene ankauma ndi ine. Pemphero lidandithawa, nyimbo zinkandinyansa, ndipo mkwiyo umene ndinkasungira atate ako unkatsikira pa iwe. Ukukumbukira tsiku lija udaswa chipanda, ndidakumenya ndi mthiko mpaka amalume adachita kukankha chitseko? Si chipanda chimene ndinkakumenyera. Amalume omwewo ndiwo adaumirira kuti upite kusukulu ya atsikana ku mishoni, ati utalikane nane pang'ono. Iwenso udzabereka, Enelesi. Mkwiyo wosungidwa sufika kwa mwini wake, umagwera mwana amene wakhala nawe pafupi.

Za mmene ndidabwererera sudazione, udali kusukuluko. Sikudali kulapa ayi, usandikometsere. Tsiku lina la Mgonero ndili pamkuyu paja, nyimbo yoyamba itayamba kale, ndidamva ndodo ikugogoda pansi. Adali a Nachisale, atachedwa chifukwa cha mwendo. Adaima patsogolo panga akupumira m'mwamba.

"A Nambewe, mwakhalitsa panja."

"Mutu, mayi."

"Mutu wanuwo tidaumva kale. Tadzukani mundigwire, mwendowu lero wakana. Pakhomo apo pali pokwera, ndekha sinditha."

Ndikadatani? Munthu wamkulu, wopunduka, amene adagona nane m'siwa. Ndidawagwira. Mwendo umene ndinkauimba pamtondo udatsamira pa ine kuchokera pamkuyu mpaka m'kati, ndipo adali olemera kuposa mmene ankaonekera. Malo awo adali kumapeto kwa mzere wina wapakati, poti azitambasula mwendowo. Ine adandikhazika pambali pawo, mkono wanga osausiya. Mkate udadutsa, ndidaumeza ngati mwala. Kenako atate ako adafika ndi chikho, maso ali pansi, n'kupereka kwa akazi awo. Iwo adamwa, n'kutembenukira kwa ine atachigwira ndi manja awiri. Pamene adamwera padali padakali ponyowa. Kothawira kudalibe, mzere wonse unkadikira ine. Ndidamwa pomwepo. Potembenuka kuti ndipatsire wotsatira, ndidapeza kuti ndi wamasiye uja ndidamuneneza za mowa, atangobwezedwa kumene. Adalandira ndi manja awiri, n'kuwerama pang'ono monga mwa ulemu. Pamzere umenewo susankha wokupatsa, susankhanso womupatsa.

Anthu amakamba kuti pa nthawi yotere mtima umasungunuka, misozi n'kutsika, thupi n'kupepuka. Ine ayi. Vinyoyo adali wowawasa, ndipo mkwiyo wanga ndidatuluka nawo monga ndidalowera nawo. Koma tikutsika pakhomo pang'onopang'ono, a Nachisale adandiyankhula chapansipansi.

"Nyimbo zanu zija zinkafika kuno. Ija ya mchere idali yokoma, ana anga omwe ankaiimba osadziwa kuti akuimba mayi awo."

Adatsamira ndodo yawo n'kupitiriza.

"Za nsalu yoyanika patchire nazonso anthu adandiuza, ndidakali pamphasa."

"Nanga pamaliro paja mudadzatani, mukudziwa zonsezo?"

"Mwana adali wa amuna anga, ndikadakhala bwanji? Komanso musandiyese mngelo. Miyezi yonse ija amuna anga akuchedwa kwanu, ine ndinkagona ndikupempha kuti mphiri ikupezeni kudambo. Lero tamwera pamodzi, mfiti ziwiri. Mwini chikho sadatifunse."

Adaseka mpaka kutsokomola. Ine sindidaseke.

Chisomo ndidachidziwira pamenepo, osati m'kalasi. Mu katekisimu ndinkayankha mosadodoma kuti ndi mphatso yosatiyenera, koma kuyankha n'kwina, kudyetsedwa uli mdani ndi dzanja la amene unkamufunira manda n'kwinanso. Asakunamize munthu kuti chimatsekemera. Chimawawa ngati kwinini, chifukwa chimakuvula zonse zimene unkadzitamira nazo. Ine chuma changa chidali kulakwiridwa. Ndinkakufunda usiku, ndinkakuvala masana, ndipo palibe akadandilanda. Tsiku limenelo ndidaona kuti wolakwiridwayo nayenso ali ndi anthu amene adawaliritsa. Chisomocho sichidandibwezere mwamuna, sichidandibwezere Lekani. Chowawa koposa n'chakuti chikho chomwecho amamweranso atate ako. Ndayesa kufunafuna njira yoti Ambuye Yesu akhale kuti adafera ine ndi a Nachisale koma iwo ayi, sindinaipeze. Khomo limene ndingawatsekere iwo ndi lomwelo lolowera ine.

Kuchokera apo Mgonero uliwonse a Nachisale ankakhala kumapeto, ine pambali pawo. Adali mpanda pakati pa ine ndi manja a atate ako. Chaka chatha adamwalira, ukudziwa, ndidakagona m'siwa mwawo mpaka tsiku losesa. Anthu a pakamwa adayamba zoti tsopano njira yatseguka, a Nambewe konzekani. Ndidawauza kuti nsalu ya ukwati umenewo ili kumanda ndi mwana wanga. Chimene ndinkachilakalaka ndi mtima wonse chidabwera ndisakuchifunanso, n'kundilanda munthu yekhayo amene ankandidziwa mpaka pansi koma osandithawa.

Mgonero wapitawu, iwe uli pamkuyu ndi mutu wako, amayi a pamzere wathu adasendera n'kundisiyira kumapeto, pamalo pa a Nachisale. Atate ako adafika. Kumaso sindidawayang'ane, ndidayang'ana manja. Enelesi, manja aja ankapinda chitsulo tsopano akunjenjemera. Chikho chinkagwedezeka, vinyo atatayikira kale pamkono wa jekete, ndipo ankachikanikiza pachifuwa kuti anthu asaone. Kumbuyo kwanga wina adanong'ona kuti, "Akuluwa awapumitse, atitayira Mgonero." Ndikadafuna kubwezera, tsiku lake lidali limenelo. Kungochedwa pang'ono kutambasula manja, chikho chikadagwa pamaso pa mpingo wonse, ndipo palibe akadati ndi ine. Ndidaganiza zimenezo, sindikubisira. Koma manja anga adapita okha, lina pansi pa chikho, lina pamwamba pa zala zawo, mpaka chidakhazikika. Zala zimenezo ndidali ndisanazikhudze kuyambira iwe uli kumsana. Zidali zozizira. Sadapepese, ndipo sindikuyembekeza kuti adzapepesa. Ndidamwa, n'kupatsira mnzanga.

Tsono mvetsa, mwana wanga. Sindikukuuza kuti uwakonde. Ine ndayesa zaka zonsezi zandikanika, masiku ena ndimadzuka ndi mkwiyo watsopano ngati makasu aja atsamiritsidwa dzulo. Sindikukuuzanso kuti uiwale za pakamtsinje paja. Ukakumana nawo m'njira gwada upereke moni, ndipo mawu oti "munthu uja" uwasiye kuno ku Bowe, kumeneko ndi atate ako. Zimenezo ndi za ulemu chabe, mwana aliyense woleredwa amazitha. Chachikulu n'chakuti usadikire kuti mtima uyambe wayera ndiye ulowe. Ukadikira zimenezo udzakalambira pamkuyu, ndipo a Nachisale oti adzakutole kulibenso. Lowa ndi mkwiyo wako womwewo, ukhale nawo pamzere, Mwini gome amawadziwa amene adawaitana. Chikhocho si cha atate ako. Iwo amangonyamula, sadathiremo kanthu kawo ndipo sangachotsemo kanthu. Kumbukiranso kuti wakumapeto akakana, mzere wonse umakhala ukudikira iye.

A Dayisoni ndi munthu wofatsa, koma zambiri amazidziwira m'mabuku. Usadzawaike pakati pa iwe ndi akulu a mpingo, nkhaniyi si yawo. M'dengumo ndaikamo nyemba ndi chiponde, chiponde uyambe kudya chingasase.

Mbusa akadzabwera, iwe udzakhala kumapeto kwa mzere wakutsogolo, mudzi wonse uli kumbuyo kwako. Atate ako adzabwera pang'onopang'ono, chikho atachikanikiza pachifuwa. Kumaso ukhoza osawayang'ana. Udzaona zala, ndipo udzakumbukira kuti ndi zomwe zija zidachotsa zala zako pajekete. Ndi zomwezo ndithu, sindikukana. Koma usadzachedwe kutambasula manja, Enelesi. Dzanja limodzi udzaike pansi pa chikho, angataye.

Ndine amene ndidakubereka n'kukulera ndi makasu awiri,
Nambewe